Msodzi amene anabwera kudzazulitsa dzino: lipoti la kafumbata amene anadziwikira m'nsagwada

Lipoti ili likunena za bambo ena a zaka za m'ma 50, msodzi wa kugombe lina la m'boma la Mangochi, amene anafika kuchipinda chathu cha mano ndi kalata yonena kuti ali ndi chithupsa cha dzino, koma pomaliza anapezeka ndi kafumbata. Ndalemba poganizira makamaka anzanga a ntchito ya mano ndi ma clinical officer a m'zipatala zing'onozing'ono, chifukwa munthu wouma nsagwada amayamba wafika kwa ife asanapite kwina kulikonse. Matendawa sanadziwike ndi makina kapena ndi zotsatira za kulabotale. Tinawadziwa poyang'anitsitsa mmene nsagwada zinkayankhira chinthu chikakhudza dzino, chibwano kapena kummero, ndipo kayankhidwe komweko ndi kamene kanatiuza mmene tingawadyetsere, mmene tingawatsukire m'kamwa, komanso nthawi yoyenera kuzula dzinolo.

Mmene matenda anayambira

Bambowa anali ndi dzino lobowoka, loyamba mwa mano akuluakulu otafunira a m'munsi kumanzere, limene linkawavuta kwa miyezi ingapo, makamaka akamwa madzi ozizira m'mawa pochokera kunyanja. Masiku anayi asanafike kwa ife anayamba kumva kuti nsagwada zikulemera pakudya. Poyamba nsima inkadyeka koma usipa wouma unkawakanika. Pofika tsiku lachitatu mbamu inkalowa pokhapokha ataiphwathalalitsa ndi zala, ndipo kenako anatsala ndi phala lokha. Kuchipatala chaching'ono cha kwawo anapatsidwa amoxicillin ndi panado, ndipo poona kuti palibe kusintha anawalembera kalata yobwera nayo kwa ife. Kaganizidwe ka anzathu kumeneko kanali komveka, pakuti dzino lowola linalipodi, ndipo odwala ambiri ouma nsagwada amene timawaona amakhala ndi vuto la dzino kapena la kummero.

Anabwera pa kabaza pamodzi ndi akazi awo, ndipo amayiwo ndiwo anayankhula kwambiri: "Adokotala, bambowa asiya kudya chifukwa cha dzino lomweli. Mungolichotsa basi, kukamwaku kutseguka." M'kati mofotokoza anatchulanso, ngati nkhani yapambali, kuti njinga ikagunda pa dzenje bambowo ankauma khosi ndi msana mpaka kugwira wakabazayo mwamphamvu. Bambowo ankayankhula mano ali chilumire, koma nzeru zawo zinali bwinobwino, ndipo ankayankha funso lililonse molondola.

Zimene tinapeza

Thupi silinali lotentha, pa madigiri 37.1, mtima unkagunda ka 92 pa mphindi, ndipo kapumidwe kanali kabwino. Pakati pa mano a kutsogolo a m'mwamba ndi a m'munsi pankatseguka mamilimita 18 okha, pamene munthu wamkulu wathanzi amatsegula mamilimita 35 mpaka 55, kapena kuti zala zake zitatu zoimika. Nkhope inalibe chotupa mbali iliyonse, pansi pa chibwano panali pofewa, ndipo m'kamwa simunkamveka fungo la mafinya. Ndi kagalasi kakang'ono ndinatha kuona dzino lobowoka lija, nkhama zozungulira zili zosatupa, komanso dzino lomaliza kumera linali litatuluka lonse popanda kanyama kolikuta. Minofu ya m'masaya inali yolimba mbali zonse ziwiri mofanana. Izi zokha zinali zokayikitsa kale, chifukwa chithupsa cha dzino la kumanzere chimaumitsa ndi kupweteketsa kumanzere.

Chimene chinandiimitsa kwenikweni ndi ichi: bambowa ankaluma mwamphamvu pa dzino lomwe ankalidandaulalo. Aliyense amene wagwira ntchito ya mano kwa kanthawi amadziwa kuti munthu amene dzino lake lili ndi chithupsa kumuzu salola kuti dzinolo likhudzane ndi linzake. Amasiya kampata pakati pa mano, amatafunira mbali ina, ndipo ukaligogoda ndi chogwirira cha kagalasi amathawitsa mutu nsagwada zikulekerera. Nditagogoda dzino la bambowa pang'onopang'ono, nsagwada sizinalekerere. Zinatseka mowonjezera, kagalasi kanapanikizika pakati pa mano, ndipo minofu ya m'khosi inaonekera ngati yakokedwa.

Kuti tione chifukwa chake zimenezi zili zachilendo, tiyenera kukumbukira mmene kukamwa kumalamulira nsagwada. Minofu yotseka nsagwada ilipo itatu mbali iliyonse: masseter ya patsaya, temporalis ya m'mbali mwa mutu, ndi medial pterygoid ya m'kati. Mwamuna wathanzi akaluma ndi mano otafunira akhoza kupanikiza ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ena kuposa pamenepo, ndipo mphamvu yonseyi imagwira ntchito pambali penipeni pa lilime ndi masaya. Choncho thupi lili ndi njira zoletsera minofu imeneyi msangamsanga, munthu asanaganize n'komwe, zimene m'ntchito yathu timazitcha ma reflex. Dzino silinamatiridwe ku fupa, koma limalenjekeka m'dzenje lake ndi tiulusi totchedwa periodontal ligament, ndipo m'tiulusi timeneti muli mathero a minyewa amene amamva dzino likakankhidwa ngakhale pang'ono zedi, moti mano achilengedwe amazindikira kanthu kopyapyala mamaikulomita pafupifupi 20 (mamaikulomita 1,000 ndiwo milimita imodzi). N'chifukwa chake kamchenga kamodzi mu usipa woyanika pansi kamamveka nthawi yomweyo. Mathero ena ali m'nkhama, m'lilime, m'milomo ndi m'kati mwa masaya. Uthenga wochokera m'malo onsewa umayenda m'mnyewa wa trigeminal, wachisanu mwa minyewa 12 yotuluka m'mutu, n'kukafika patsinde la ubongo. Pamenepo pali timaselo tapakati timene timatulutsa timadzi totchedwa glycine ndi GABA, ndipo ziwirizi zimatontholetsa maselo olamula minofu yotseka nsagwada.

Pa munthu woyezedwa ndi makina a EMG, amene amajambula mphamvu ya magetsi ya m'minofu, kutonthola kumeneku kumaoneka kawiri m'mnofu wa masseter: koyamba pakadutsa mamilisekondi 10 mpaka 15 chikhudzireni (mamilisekondi 1,000 ndiwo sekondi imodzi), kachiwiri pakadutsa mamilisekondi 40 mpaka 50. Munthu akamazindikira kuti waluma mwala mumpunga, nsagwada zimakhala zitaleka kale. Charles Sherrington anafotokoza mu 1917 mmene nsagwada za amphaka zimatsegukira zokha mano kapena nkhama zikakhudzidwa mwamphamvu. Pa munthu, gawo lalikulu la reflex imeneyi ndi kutonthola kwa minofu yotseka, osati kukoka kwa minofu yotsegula. Palinso ina yothandizana nayo: chimanga chokazinga chikasweka mwadzidzidzi pakati pa mano, timathero ta m'kati mwa minofu yotseka, totchedwa muscle spindle, timasiya kutamuka, mphamvu yoluma imatsika pomwepo, ndipo mano sagundana. Kayendedwe kobwerezabwereza ka kutafuna kamachokera patsinde la ubongo pomwepo, monga anasonyezera Dellow ndi Lund pa akalulu mu 1971, koma ndi uthenga wa m'kamwa umene umakonza kayendedweko kuti kagwirizane ndi chakudya chimene chili pakati pa mano.

Ndinayesanso reflex yotsutsana ndi zimenezi, ija yogogoda pachibwano. Wodwala amatsegula kukamwa pang'ono, woyeza amaika chala pachibwano n'kugogoda chalacho ndi kanyundo. Kugogodako kumatamula ma spindle a minofu yotseka, uthenga umadutsa pa kagulu ka maselo a patsinde la ubongo kotchedwa mesencephalic nucleus n'kulumpha kamodzi kokha kupita ku maselo olamula minofu, ndipo nsagwada zimayankha m'mamilisekondi osakwana 10. Pa anthu ambiri athanzi kuyankhako kumakhala kochepa kwambiri, mwina kosaoneka n'komwe, chifukwa kutonthola kumatsatira nthawi yomweyo. Pa bambowa nsagwada zinatseka ndi phokoso ndipo zinakhala chitsekere kwa masekondi angapo, milomo itakokekera m'mbali ngati akumwetulira mokakamiza.

Apa ndinaitana clinical officer wa kuwodi ya amuna, ndipo tinayesa limodzi ndi kathabwa kopanira lilime. Kathabwa kakakhudza khoma la kumbuyo kwa mmero, uthenga umayenda m'mnyewa wa glossopharyngeal, ndipo munthu wabwinobwino amachita ngati akufuna kusanza, kukamwa kumatseguka, lilime n'kukankhira kathabwako kunja. Bambowa anakaluma mpaka kanasiyidwa ndi zipsera za mano, ndipo tinadikira kuti minofu ilekerere yokha tisanakatulutse. Kuyesa kumeneku kunafotokozedwa ndi Apte ndi Karnad ku Bombay, m'dziko la India, mu 1995: mwa odwala kafumbata 380, okwana 359, kapena kuti 94 pa 100 alionse, analuma kathabwa, pamene mwa amene analibe kafumbata panalibe ndi mmodzi yemwe anakaluma. Tisaiwale kuti gulu lachiwirili linali la anthu 20 okha, kotero kuyesaku kumathandiza maganizo a woyeza koma sikulowa m'malo mwake. Maganizo anga ndi akuti kuyesedwe kamodzi kokha, mofatsa, mpweya wa okosijeni ndi mankhwala ofewetsa minofu a diazepam zili pafupi, chifukwa kukhudza kummero kungathe kutseka njira ya mpweya.

Bala limene silinatchulidwe

Titafunsa ngati anavulalapo posachedwa, onse awiri anakana. Tinawavula nkhwaira ndipo pansi pa phazi la kumanja, pafupi ndi chidendene, panali kabala kakang'ono kotsekeka pamwamba, kolimba m'mbali, kopweteka pokadina. Apo m'pamene bambowo anakumbukira kuti masiku 11 nsagwada zisanayambe kulemera anaponda munga wa kampango pagombe pamene amakokerapo makoka, pomwenso ng'ombe ndi mbuzi zimadzamwera madzi. Anauzula ndi dzanja, anathirapo phulusa, anamanga kansalu n'kupitiriza ntchito. Kwa msodzi zimenezi si kuvulala, ndipo funso lakuti "munavulalapo?" silikanatulutsa yankho, linatuluka chifukwa tinayang'ana mapazi ndi maso athu. Tinayang'ananso m'makutu, chifukwa khutu lotuluka mafinya limakhalanso khomo la kafumbata, koma munalibe kanthu. Mimba inali yolimba paliponse koma yosapweteka. Sanamwe metoclopramide, chlorpromazine kapena haloperidol, mankhwala amene nthawi zina amaumitsa nsagwada ndi khosi, sanalumidwe ndi galu, ndipo malungo, shuga ndi HIV zonse zinatuluka bwino. M'buku lawo la kuchipatala munalibe katemera aliyense.

Kachilombo koyambitsa kafumbata, Clostridium tetani, kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kamakula m'bala lakuya lopanda mpweya ngati limeneli. Poizoni wake, tetanospasmin, amalowa m'mathero a minyewa yolamula minofu n'kukwera chobwerera mpaka kumsana ndi kutsinde la ubongo, kumene amalowa m'timaselo toletsa tija n'kudula puloteni yotchedwa synaptobrevin, kotero kuti glycine ndi GABA sizitulukanso. Minyewa ya kunsagwada ndi kunkhope ndi yaifupi, ndiye poizoni amafika msanga, ndipo n'chifukwa chake bala la kuphazi limayamba kuonekera kukamwa. Minyewa yonyamula uthenga kuchokera m'kamwa imakhala yabwinobwino, ndipo uthenga umafika monga mwa nthawi zonse, koma pofika umapeza njira yoletsa itaduka, yotsala ndi yokoka yokha. Pa EMG ya wodwala kafumbata kutonthola kwa masseter kuja kumafupika kapena kusoweratu. Zimene tinaona pa kagalasi, pa kanyundo ndi pa kathabwa zinali chinthu chimodzi chomwechi chooneka m'njira zitatu.

Zimene tinasankha kuchita

Choyamba chinali kusakhudza dzinolo. Amayiwo sanakondwe nazo, chifukwa anali atalipira kabaza ulendo wautali kuti dzino lizulidwe, ndipo tinatenga nthawi kuwafotokozera. Jakisoni wochititsa dzanzi nsagwada ya m'munsi amafuna kukamwa kotseguka bwino, ndipo singano imadutsa pafupi ndi medial pterygoid, mnofu umene unali wokokana kale. Ululu wa singano, kukanula kukamwa ndi chitsulo, magazi ndi malovu otsikira kummero, chilichonse mwa izi chikanatha kuyambitsa kukokana kwa thupi lonse pampando wa mano, pamalo opanda zipangizo zotsegulira njira ya mpweya. Ndi zoona kuti dzino lowola lingathe kukhala khomo la kafumbata, koma pano khomo linali litapezeka, ndipo dzinolo linalibe mafinya oti n'kutikakamiza kufulumira.

Tinawagoneka m'kachipinda kam'mbali ka wodi ya amuna, mazenera ataphimbidwa ndi mabulangete, kutali ndi khomo ndi phokoso la matrolley. Pa muyeso wa Ablett wa 1967, woonetsa kukula kwa kafumbata, tinawaika pa gawo lachiwiri mwa magawo anayi. Panali zinthu ziwiri zopatsa chiyembekezo: nthawi yochokera pa kuvulala kufika pa chizindikiro choyamba inaposa masiku 7, ndipo yochokera pa kuuma nsagwada kufika pa kukokana kwa thupi inaposa maola 48. Nthawi zimenezi zikafupika, matenda amakhala oopsa kwambiri. Analandira tetanus immunoglobulin, mankhwala ogwira poizoni wa kafumbata, mayuniti 500, pantchafu. Metronidazole wopha kachilomboko, 500 mg kudzera mumtsempha maola 6 alionse. Diazepam wa 5 mg wobwerezedwa malinga ndi kukokana. Komanso katemera wa kafumbata wotchedwa Td padzanja, kutali ndi pamene panabayidwa immunoglobulin. Tinasankha metronidazole m'malo mwa penicillin chifukwa penicillin wambiri amalimbana ndi GABA, yemwe anali atachepa kale. Bala linatsegulidwa immunoglobulin atalowa kale m'thupi, ndipo m'kati munatuluka kachidutswa ka munga kotalika pafupifupi mamilimita 6. Chubu chodyetsera cha m'mphuno chinaikidwa tsiku lomwelo diazepam atagwira bwino, tisanafike poti kuchiika kukhale koopsa.

Tinauza achibale kuti immunoglobulin amangogwira poizoni amene sanalowe m'minyewa, ndipo amene walowa kale sangachotsedwe, choncho ayembekezere kuti matenda akula kaye asanayambe kutsika.

Usiku wa supuni

Usiku wachitatu ndi pamene zinthu zinatsala pang'ono kutayika. Achimwene awo a bambowa anabwera kuchokera kumudzi ndi phala m'kabakuli, ndipo poona kuti m'bale wawo sanadye chilichonse ndi pakamwa chigonekereni, analowetsa supuni pambali pa mano n'kuyesa kukanula. Nsagwada zinaluma supuniyo, msana unapindikira kumbuyo, lilime linapanikizika pakati pa mano a kumanja, ndipo kupuma kunaima mpaka milomo inada. Anamwino anawagoneka cham'mbali, anapereka diazepam mumtsempha ndi okosijeni, ndipo mpweya unabwerera. Pa munthu wabwinobwino kuluma lilime kumadziletsa kokha, chifukwa ululu wa lilime ndi umodzi mwa mauthenga amphamvu kwambiri otontholetsa masseter. Pa kafumbata ululu womwewo umawonjezera kuluma, kuluma n'kuwonjezera ululu, ndipo chimene chimadula mzere umenewu ndi mankhwala okha. Bala la palilime linali lakuya ndithu, m'mbali mwake, lotalika ngati sentimita imodzi.

M'mawa mwake tinakambirana pafoni ndi madokotala a kuchipatala chachikulu ku Zomba za kuwatumiza kumeneko. Mbali imodzi panali poyera kuti kukokana kwina ngati kumeneku kungafune makina opumira. Mbali ina panali ulendo wa ambulansi wodutsa ku Liwonde, wa munthu amene ankauma thupi ndi kugunda kwa njinga pa dzenje. Tinagwirizana kuyamba magnesium sulphate pomwepo, 5 g pang'onopang'ono mumtsempha kenako 2 g pa ola, ndi kuwatumiza ngati kukokana kotseka mpweya kubwereranso kapena ngati mtima ndi kuthamanga kwa magazi ziyamba kusinthasintha. Kafukufuku wa Thwaites ndi anzake ku Ho Chi Minh City, wa mu 2006, anapeza kuti magnesium sachepetsa chiwerengero cha ofuna makina opumira, koma amachepetsa kuchuluka kwa mankhwala ena ofunika poletsa kukokana, choncho sitinamutenge ngati cholowa m'malo mwa makinawo. Amene anatithandiza kwambiri apa ndi anamwino a kuchipinda cha amayi oyembekezera, omwe amamudziwa magnesium kuposa tonsefe chifukwa cha eclampsia, matenda okomoka a amayi oyembekezera. Iwo ndiwo anakonza tchati choyezera reflex ya pabondo, kapumidwe ndi mkodzo ola lililonse, calcium gluconate, wothetsa mphamvu ya magnesium akachuluka, ali pambali pa bedi.

Kukambirana ndi achibale kunali kofunika mofanana ndi mankhwalawo. Ndinawauza amayiwo kuti: "Mayi, chilichonse chikakhudza m'kamwa mwa bambowa, nsagwada zimaluma zokha, iwo sangathe kuziletsa ngakhale atafuna. Phala likalowa njira ya mpweya tiwataya." Iwo anayankha kuti: "Ndiye tizingowayang'ana akutha ndi njala, adokotala? Cha m'mphunocho ndi chakudya ngati?" Kuletsa kokha sikukanagwira ntchito, chifukwa gadiyani amene walandidwa ntchito yodyetsa wodwala wake amaipeza njira usiku anamwino atatanganidwa. Anamwino anawaphunzitsa kusefa phala la Likuni, kulisakaniza ndi mkaka, kukweza kumutu kwa bedi mosagwedeza, ndi kulithira okha m'chubu ndi sirinji yaikulu. Kuyambira tsiku limenelo iwo ndiwo anakhala mlonda wa pakhomo, wobweza aliyense wobwera ndi supuni kapena kapu.

Gawo langa linali kusamalira m'kamwa, ndipo lamulo linali lakuti chilichonse chochitika m'kamwa chichitike diazepam atangogwira, osati nthawi imene wogwira ntchito wapeza mpata. Lilime sitinalisoke, chifukwa kusoka kukanafuna kukanula kukamwa, ndipo lilime limapola msanga lokha likakhala laukhondo. Tinkapukuta mano ndi nkhama cha kunja kokha, pakati pa tsaya ndi mano, ndi kathonje konyowetsedwa mu chlorhexidine, ndipo makina okokera malovu sankapitirira mano a kutsogolo. Ena anapereka maganizo oika chotchinga cha labala pakati pa mano kuti lilime lisalumidwenso. Ndinakana, chifukwa chinthu chokhala pakati pa mano chimakankha periodontal ligament ndi kutamula ma spindle mosalekeza, ndipo pa wodwala ameneyu uthenga uliwonse wotero unkasanduka kuluma. Kugona cham'mbali mutu utaweramira kutsogolo pang'ono kunathandiza kuti lilime likhale m'kati mwa mano.

Kubwerera kwa kuletsa

Kukokana kotseka mpweya sikunabwererenso, ndipo ulendo wa ku Zomba sunachitike. Sabata yoyamba kukamwa kunatsika mpaka mamilimita 8. Chakumapeto kwa sabata yachiwiri kukokana kwa thupi kunayamba kutalikirana, magnesium anasiyidwa, ndipo diazepam anayamba kuchepetsedwa pang'onopang'ono m'sabata yachitatu, pamene kukamwa kunafika mamilimita 22. Kuchira kumachedwa chonchi chifukwa mathero a minyewa amene poizoni anawononga amayenera kukonzedwanso ndi thupi lenilenilo.

Funso la nthawi yoyambira kudya ndi pakamwa sitinaliyankhe ndi rula yokha. Kukamwa kukhoza kutseguka mokwanira supuni pamene kuletsa sikunabwerere, ndipo munthu wotero angalumenso lilime kapena kutsamwa. Tinkayamba ndi kukhudza nkhama ndi kathonje n'kuona ngati masseter ikulimba pansi pa chala. Kenako tinkaika kathabwa pakati pa mano otafunira a kumanja, n'kuwapempha kuti alume pang'ono, ndipo tinkagogoda kathabwako mwadzidzidzi. Masiku oyamba ankakagwiritsa. Tsiku lina m'sabata yachinayi nsagwada zinalekerera kathabwa n'kugwa, ndipo bambowo anaseka okha. Kuchokera pamenepo anayamba madzi pang'onopang'ono atakhala tsonga, kenako phala, nthochi yakupsa, ndi nsima yofewa ya therere. Chubu chinachotsedwa ataonetsa kwa masiku angapo kuti akumeza popanda kutsokomola. Anatuluka m'sabata yachisanu kukamwa kukutseguka mamilimita 30, akuyenda okha koma msana udakali wolimba, atalandira katemera wachiwiri wa Td. Tinawaphunzitsa kutsegula ndi kutseka kukamwa mofatsa kangapo patsiku, osakanula ndi chinthu chilichonse.

Za katemerayu ndiyenera kunenapo, chifukwa achibale ankaganiza kuti amene wadwala kafumbata n'kuchira sangadwalenso. Poizoni wokwanira kudwalitsa munthu ndi wochepa kwambiri moti thupi silipanga chitetezo, choncho wochira amayenera kulandira katemera wonse. Bambowa anabadwa ndondomeko ya katemera wa ana isanakhazikitsidwe m'Malawi mu 1979. Ana a masiku ano amalandira pa masabata 6, 10 ndi 14, amayi amalandira Td kusikelo, koma amuna akuluakulu, amene amaponda minga ndi misomali ya mabwato tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri alibe powapezera. Bungwe la WHO limalimbikitsa milingo 6 kuti chitetezo chikhale cha moyo wonse. Mwamuna aliyense wokhala pampando wathu wa mano akhoza kufunsidwa ngati analandirapo katemerayu m'masekondi ochepa.

Kuzula dzino

Dzino lija linazulidwa patatha pafupifupi miyezi iwiri chitulukireni, kukamwa kukutseguka mamilimita 41, kugogoda pachibwano kusakuonetsa kanthu, ndipo ululu wa dzinolo utayamba kuwadzutsa usiku. Jakisoni wa dzanzi wa lidocaine 2% wokhala ndi adrenaline anabayidwa pa inferior alveolar nerve ndi lingual nerve, minyewa yomvera mano a m'munsi ndi lilime, komanso pang'ono m'nkhama za kutsaya, ndipo dzino linatuluka lathunthu popanda vuto.

Zimene zinatsatira zinaonetsa mbali ina ya nkhani yomweyi. Pa kafumbata uthenga unkafika koma kuletsa kunalibe. Pa dzanzi kuletsa kulipo koma uthenga sufika, ndipo mapeto ake amafanana: nsagwada zimaluma chimene siziyenera kuluma. Mats Trulsson ndi Roland Johansson a ku Umeå, m'dziko la Sweden, anasonyeza zimenezi m'ma 1990 pouza anthu kuti agwire kambewu ka mtedza ndi mano a kutsogolo kenako akaswe. Mano akumva, anthuwo ankagwira mtedzawo ndi mphamvu yochepera newton imodzi, yomwe ndi ngati kulemera kwa magalamu pafupifupi 100. Mano atachititsidwa dzanzi, ankagwira ndi mphamvu yochuluka kangapo komanso yosakhazikika. Tinawachenjeza bambowa kuti mlomo wa m'munsi ndi theka la lilime zikhala zadzanzi kwa maola atatu kapena kuposa, ndipo asatafune kanthu mpaka zitabwerera. Koma anali atanyamuka kwawo m'bandakucha osadya, ndipo podikira galimoto anagula chinangwa chokazinga. Anabweranso patatha masiku awiri ndi chilonda chotuwa m'kati mwa mlomo wa m'munsi kumanzere, mlomowo utatupa, amayi aja ali ndi mantha kuti matenda aja ayambiranso.

Kusiyanitsa sikunavute. Kukamwa kunkatseguka monga kale, masseter inali yofewa mbali zonse, ndipo chilondacho chinali ndi maonekedwe a mano, pamalo enieni amene mental nerve, nthambi ya mnyewa wobayidwa dzanzi uja, imamva. Sanafunike mankhwala opha tizilombo. Anangotsuka ndi madzi ofunda a mchere, ndipo chilonda chinapola m'masiku osakwana 10. Dzino lozulidwa limapita ndi periodontal ligament yake, kotero mbali imeneyo yataya gawo la kumva kwake mpaka kalekale, koma mano oyandikana nalo ndi olimba ndipo akutafuna bwino mbali zonse ziwiri. Mlingo wachitatu wa Td unalembedwa m'buku lawo kuti akalandire kuchipatala cha kwawo pakatha miyezi 6 chilandirireni wachiwiri, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo anapatsidwa uthenga kuti adzawakumbutse, pamodzi ndi asodzi anzawo a m'bwato limodzi amene anavomera kuyamba katemera.